Mbali Inayo ya Chitenje

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu. Sanandibere, sanandimenye. Anangotaya nsonga za chitenje zimene anagwira, n'kutuluka m'madzi, n'kuuza mlonda wa paki kuti ine ndinali ndekha. Kenako anatha chaka chathunthu akuseketsa anthu ndi nkhaniyo, ine ndikugona m'besimenti, chipinda chapansi pa nyumba yawo, ndikumva mapazi awo akuyenda pamwamba pa mutu wanga.

Ndiyambe ndi malowo, chifukwa munthu wosawadziwa angaganize kuti ndikulirira tinsomba.

Ukachoka ku Germantown, kuno ku America, kumene tinkakhala, n'kuyenda pagalimoto mpaka nyumba zitayamba kuchepa, umapeza paki ya boma yokhala ndi damu lalikulu. Si nyanja ayi. Ndi madzi amene anawatseka ndi khoma, ndipo amati ena mwa iwo ndi omwe timamwa m'mipopi. Koma kukula kwake, munthu akaima tsidya linalo umamuona ngati nyerere. Kuzungulira konse ndi nkhalango.

Ine ndinkagwira ntchito yotsitsa katundu m'mathiraki ku Landover. Ulendo wake wokha umakutopetsa usananyamule katoni ngakhale imodzi. Ntchito yabwino sindikanaipeza, chifukwa sukulu ndinaisiyira panjira nditamenya mnyamata wina amene ankayeseza kalankhulidwe kanga tsiku ndi tsiku. Kuchokera pamenepo, kutchalitchi kwathu ndinali "mwana uja wovuta". Amayi amagwira ntchito yosamalira gogo wina ku Virginia, amagona komweko, choncho anandisiya m'manja mwa achemwali ndi amuna awo. Alamu angawo ndi munthu wolemekezeka, amagwira kuchipatala, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Akalowa m'chipinda anthu amawasunthira mpando.

Tsiku langa lopuma linali Lachiwiri, pamene anthu ena onse ali kuntchito. Ndinkabwereka kagalimoto kakale ka achemwali n'kupita kudamu kuja. Sindinkachitako kanthu. Ndinkangokhala pabenchi ina pansi pa mitengo, nditavula nsapato, kudikira kuti msana usiye kuwawa. Atsekwe a kuno ndi amwano, amakuyang'ana ngati malowo ndi a bambo awo, ndipo amanyera paliponse. Agwape amatuluka m'tchire dzuwa likuswa mtengo, kumadya udzu pafupi nawe osakuwerengera n'komwe. Kwathu gwape wotere sakanaona Lamlungu. Nthawi zina pankadutsa chimbalame chamutu woyera, ngati nkhwazi yathu ndithu, kungoti kalilidwe kake n'kochititsa manyazi. Ndiye panali azungu okalamba m'timabwato tawo, amene amakhala tsiku lonse kudikira nsomba imodzi. Akaigwira aiyeza, aijambula, n'kuibwezera m'madzi. Poyamba ndinkawaseka. Kenako ndinaona kuti iwonso sadzera nsomba. Amadzera chomwe ndinkadzera ine, malo amene palibe munthu wokuitana.

Mpingo wathu, wa Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, umachita pikiniki kamodzi nyengo yotentha. Chaka chimenecho ankasowa malo, ndipo amene anatchula paki ija ndine. Ndinkafuna aone kuti mwana wovuta amadziwako chinthu chabwino.

Tinapita Loweruka. Amayi sanabwere, anali pantchito. Azibambo anayatsa makala, azimayi anayala zitenje pa udzu, ana akuthamangitsa agologolo n'kumakuwa m'Chingerezi. Achemwali anali oyembekezera, mimba yoyamba, ndipo chakudya chilichonse chinkawanunkha. Nkhuku yootcha anangoikankhira kumbali.

"Ndikanangopeza matemba aawisi," anatero, "a tomato yekha ndi kamchere. Basi ndikanadya."

Posakhalitsa alamu anabwera kuchokera kumadzi akuyenda mofulumira, nkhope ikuwala.

"Mlamu, tabwera udzaone."

Ananditengera kuseri kwa bango, pamalo osaya. M'madzimo munali tinsomba tambirimbiri, tikuyenda limodzi ngati mtambo.

"Waona? Ndiwo zikungosewera apa, mkazi wanga akugona ndi njala."

"Koma amalola, alamu? Pageti paja pali zikwangwani."

"Zikwangwani zija n'za anthu a mbedza, ofuna zikuluzikulu. Tating'onoting'ono iti angatiwerenge ndani? Ine dziko lino ndinalowamo iwe ukadayenda ndi kabudula wong'ambika kumatako. Katenge chitenje cha achemwali ako."

Ndinakatenga.

Kwa amene sanakulire kudambo, ndifotokoze. Chitenje sakoka munthu mmodzi. Pamafunika awiri, wina uku wina uku. Dzanja limodzi umagwira nsonga yam'mwamba, linalo umatsitsa nsonga yam'munsi mpaka ikhudze matope. Mumayenda mowerama, mofanana, kulowera kumtunda, ndipo mukafika posaya mumadzutsa nthawi imodzi kuti madzi atsike nsomba zitsale. Mmodzi akachedwa, zonse zathawa. Ife anatiphunzitsa ndi amayi, kumtsinje wa kumudzi kwawo ku Mchinji, achemwali ali mtsikana ine ndili kamwana.

Alamu anavula nsapato, anapinda thalauza mpaka m'ntchafu, n'kulowa. Ndipo amadziwa, ndisaname. Ankandilamula monong'ona, "Tsitsa, tsitsa, usafulumire, tiye, dzutsa!" Titadzutsa, pachitenje ponse panali ng'aning'ani. Tinakhuthulira m'ndowa imene munali zakumwa. Tinabwereza, tinabwerezanso. Anthu anasiya mbale zawo n'kubwera kudzaonerera. Amayi ena analuluta. Mudala wina wa ku Lusaka anakuwa, "Kapenta ya mu America! Iwe mufana, utipaseko naise, osadya weka!" Achemwali anaima kumtunda akuseka, nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Alamu ankaseka ngati mnyamata, matope mpaka m'zigongono. Tsiku limenelo ndinawakonda. Ndinati kodi munthuyu ndi wathu ndithu.

Tinali pakati pa ulendo wina pamene ndinamva chitenje chalemera. Ine ndinali nditafulatira msewu, iwo ndi amene ankayang'ana kumeneko. Nsalu inamira mbali yawo, n'kubwera kudzandikulunga m'miyendo. Nditadzutsa mutu ndinangoona msana wawo ukulowa m'bango. Nditacheuka ndinaona galimoto ya alonda a paki itaima pafupi ndi matebulo athu.

Anatsikamo mayi wamtali wovala yunifomu ndi chipewa. Sanathamange, sanakalipe. Pofika iye pamadzi, alamu anali ataima kale pakati pa azibambo ena, thalauza atatsitsa, nsapato kuphazi, manja atapinda pachifuwa. Ine ndili m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje m'manja, ngati munthu wochapa.

Mayiyo anasuzumira m'ndowa. Anati timene tija si nsomba zazing'ono ayi, ndi ana a nsomba zikuluzikulu zimene amaziteteza. Anati ukonde wamtundu uliwonse ndi woletsedwa, ndipo kulowa m'madzi pamalo amenewo n'koletsedwanso. Ankalankhula mwaulemu, mwina akanangotichenjeza, sindikudziwa. Kenako anandifunsa kuti ndinali ndi ndani.

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anabwera kutsogolo ndi Chingerezi chawo cha kuchipatala, chosalala chija.

"Pepani kwambiri, mayi. Mnyamatayu ndi wa kwathu. Takhala tikumuuza kuti atuluke koma sakumva. Ndi wovutirapo pang'ono."

Ndinayang'ana anthu. Amayi aja oluluta ankakonza duku. Mudala wa kapenta ankayang'ana mitengo ngati waona mbalame yachilendo. Aliyense amene anaima pamenepo ankadziwa kuti chitenje sakoka munthu mmodzi. Amene sankadziwa ndi mlonda yekhayo, ndipo akanadziwira kuti? Sanakulire kudambo.

Mutu unanditentha. Ndinatuluka m'madzi n'kuimenya theche ndowa ija. Madzi anamuthira mlondayo m'miyendo, tinsomba tinamwazika pa udzu tikuphiriphitha. Ndinatukwana m'Chichewa mawu amene sindingawalembe pano. Sindinkatukwana iye, koma iye akanadziwa bwanji? Anabwerera m'mbuyo, anagwira wailesi yake, ndipo nkhope yaulemu ija inatha. Inabweranso galimoto ina. Ndinakweza dzanja kuti ndiloze munthu amene ndinali naye, koma maso anga anakumana ndi a achemwali. Anali atagwira mimba ndi manja onse, akupukusa mutu pang'onopang'ono, kuti ndione ine ndekha. Dzanja linatsika lokha.

Anandilembera tikiti yokaonekera kukhoti, ndipo anandiuza kuti ndisapondenso m'pakimo kwa chaka. Potuluka ndinaona mbalame zatera kale pa udzu paja, zikutola ndiwo za achemwali.

Pobwerera alamu ankayendetsa, achemwali ali pambali pawo, ine kumbuyo ndi chitenje chonyowa pamiyendo. Tinayenda mtunda wautali. Kenako alamu anakonza kukhosi.

"Mlamu, umvetse. Mapepala anga a unzika ali m'njira. Anthu aja amafunsa chilichonse, ngakhale tikiti ya nsomba. Ine ndikagwa, achemwali akowa ndi mwana akubwerayu agwa nane. Iwe anthu amakudziwa kale. Sizikusintha kanthu."

Achemwali ankayang'ana pawindo.

Akanathera pomwepo, mwina ndikanameza. Mantha a mapepala ndimawadziwa, ndaona azibambo amphamvu akunjenjemera ndi envulopu. Akanangobwera kubesimenti n'kunena kuti mlamu ndakulakwira, ndikanati zatha. Koma iwo anafulumira kuimbira amayi ine ndisanaimbe.

Mawa lake masana foni inalira.

"Wayambanso?"

"Amayi, sizinali choncho."

"Ndamva zonse. Alamu ako akuti anakuchonderera kuti utuluke. Akuti unafuna kumenya wapolisi."

"Amayi, chinali chitenje. Inu nomwe munatiphunzitsa kuti..."

"Khala chete. Ukugona m'nyumba ya eni ake. Ukawayankha mwano ukagona kuti? Ine kuno ndimagona pakabedi pafupi ndi gogo wa eni, sindingakutenge. Uwalemekeze anthu amene akukusunga." Anapuma kaye, ndinamva gogo uja akuwaitana chapatali. "Ndatopa nawe, mwana iwe. Ndatopa."

Kukhoti ndinapita, chindapusa ndinapereka, zimenezo zinatha. Chimene sichinathe ndi mawu a amayi aja. Anthu a kutchalitchi anene zimene akufuna, anandiweruza kalekale. Koma amayi? Munthu amene ankaima m'madzi nafe, akutikalipira kuti tiziyenda mofanana? Sindinkadziwa ngati anakhulupiriradi kapena anangosankha kukhulupirira chifukwa denga linali la mkamwini wawo. Ndikafuna kuyambitsa nkhaniyo ankati batire ya foni ikutha.

Chaka chimenecho chinali chotopetsa kuposa makatoni onse amene ndanyamulapo. Lachiwiri likafika ndinalibe kopita. Ndinayesa kukwera sitima kupita ku Columbia Heights kukakhala pabenchi, koma kumeneko ndi phokoso lokhalokha, nyimbo, mabasi, anthu okupempha fodya. Ndinayesa kathawale ka kuseri kwa malo athu antchito, kokhala ndi mpanda wa waya ndi mapepala apulasitiki oyandama. Atsekwe analipo, auve ngati ine. Agwape ndinkangowaona m'mbali mwa msewu waukulu, atagundidwa, miyendo ili m'mwamba. Mapeto ake ndinayamba kugona tsiku lonse m'besimenti, mopanda windo, kumvetsera makina ochapira zovala. Ndikamva kuti wina akufuna kusinthana shifiti, ndinkavomera. Kuli bwino kutopa ndi thiraki kusiyana ndi kutopa ndi kuganiza.

Ndipo nkhani ija inayamba kukula. Alamu anaona kuti anthu amaseka, basi inakhala nyimbo yawo. Mlendo akabwera kunyumba, nkhani ya matemba. Akamaliza mapemphero, nkhani ya matemba. Ulendo uliwonse ankawonjezera kanthu. Mwina akuti ndinavula malaya. Mwina akuti iwo analowa m'madzi kudzandikoka, n'chifukwa chake thalauza lawo linanyowa. Tsiku lina ndinamva kuti ndinkathamangitsanso tsekwe ndi mpeni. Ana a kutchalitchi, omwe Chichewa chawo sichikwana mbale imodzi, anaphunzira liwu loti matemba chifukwa cha ine. Ndikadutsa ankanong'onezana n'kuthawa.

Ndinkakhala chete. Amene amandidziwa sangakhulupirire, koma ndinakhala chete chaka chathunthu. Ndinkaluma mlomo mpaka kulawa magazi. Ndinkatsikira kubesimenti n'kumenya matiresi. Mwana anabadwa, wamkazi, wokongola, ndipo akalira ine ndi amene ndinkamutontholetsa. Ndikamunyamula ndinkati, chabwino, chifukwa cha iwe. Tsiku lina achemwali ananditsatira kukhitchini n'kundiikira nyama yambiri m'mbale kuposa ya amuna awo. Kupepesa kwawo kunali komweko.

Unzika uja unatuluka. Tinachita phwando, alamu atanyamula kambendera, anthu akuwomba m'manja. Ndinati mwina tsopano, poti choopa chatha, adzanena. Ndinadikira sabata imeneyo, ndinadikira mwezi. M'malo mwake anaikambanso nkhani ija paphwando la ubatizo wa mwana, ndipo anthu anaseka mpaka kupukuta misozi.

Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Chipata, anandiuza kuti kwawo ku Landover kuli sofa yopanda munthu. Anati, "Mwana, pakadafunda padajiwitsa galu. Bwera chabe." Ndinamuuza kuti ndiganize. Sofa ya munthu wina si nyumba, ndipo ndinkadziwa kuti ndikachoka mwaukali, achemwali ndi amene adzatsale ndi moto wake.

Nyengo yotentha inabweranso, ndipo mpingo unasankha paki yomweyo. Akuti malo ndi abwino. Chiletso changa chinali chitatha. Ine sindinkafuna kupita, koma ulendo uno amayi anapeza munthu wowagwirira ntchito tsiku limenelo, kuti akaonetse mdzukulu wawo kwa anthu.

"Upite," anatero pafoni. "Ukawotche nyama, anthu akaone kuti unasintha. Ukapezanso mpata ukapepese kwa akuluakulu."

"Ndikapepese chiyani, amayi?"

"Usandiyambe."

Ndinapita. Titalowa pageti mtima unandiwawa, chifukwa zonse zinali monga ndinazisiyira, madzi, mitengo, azungu aja m'timabwato tawo. Ndinkafuna kungowasiya anthu onse n'kupita pabenchi yanga. Koma anandipatsa foloko yaitali n'kundiimika pa makala, utsi ukulowa m'maso. Ndinawotcha nkhuku, ndinawotcha soseji, ndinagawira ana. Amene anandipatsa moni ndinamuyankha. Amayi anakhala pampando wopinda pansi pa mtengo, mdzukulu pamiyendo. Anali ataonda. Manja awo anali otupa ndi ntchito yonyamula munthu wamkulu tsiku ndi tsiku, ndipo ndinaona kuti akamaseka amatseka maso ngati akufuna kugona.

Panali banja latsopano lochokera ku Lusaka. Anthu atakhuta, bambo wa banjalo analoza kumadzi n'kufunsa ngati muli nsomba. Ndinadziwa. Nkhani ija yayambanso.

"Nsomba?" alamu anatero, akudzikonza pampando. "Funsani katswiri uyo ali pa makalayo. Mlamu, tawauza anthu mtengo wa matemba a kuno!"

Anthu anayamba kuseka nkhani isanayambe. Alamu anaimirira kuti aonetse bwino. Anawerama, anatambasula manja, kuyeseza munthu akulimbana ndi nsalu m'madzi. Anafika poti iwo ali kumtunda akukuwa, "Tuluka, mwana iwe, kuno si kumudzi!" Mudala wa kapenta uja ankamenya tebulo ndi chikhatho. Bambo watsopanoyo anaseka nawo, kenako anakwinya nkhope pang'ono ngati pali chimene sichikumukwanira, koma anayang'ana anzake n'kupitiriza kuseka.

Zonsezo ndinazizolowera. Ndikanatembenuza nkhuku n'kudikira kuti zithe. Koma amayi anayankhula. Sanaseke. Anatembenukira kwa alendo aja, n'kuwomba m'manja mofatsa monga amachitira munthu wopepesa pamaliro.

"Mumukhululukire," anatero. "Ndi wanga ameneyu. Amandichititsa manyazi, koma ndi wanga. Tikuthokoza alamu ake amene amamupirira."

Sindinatenthe mutu. N'zimene zinandidabwitsa. Ndinkayembekeza moto uja umene umandikwera kuchokera m'khosi, koma sunabwere. Ndinangomva kutopa, kwa miyendo, kwa msana, kwa nsagwada zimene ndinazimanga chaka chonse. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, besimenti ija yatha, ndipo achemwali sadzandiyang'ana bwino kwa nthawi yaitali. Ndinawayang'ana. Ulendo uno sanapukuse mutu. Anangotenga mwana pamiyendo ya amayi n'kumukumbatira.

Ndinaika foloko pambali. Ndinapukuta manja. Ndinayenda mpaka pakati pa mipando, pamene alamu anali ataimabe, manja ali otambasula. Kuseka kunazilala. Wina anati, "Mugwireni," koma panalibe chogwira, manja anga anali kumbuyo ngati mwana wa sukulu. Ndinalankhula motsitsa, mwaulemu wonse umene amayi anandiphunzitsa.

"Alamu, imani kaye. Unzika munalandira, palibenso amene angakulandeni. Amayi ndi awa akhala apawa. Musayang'ane ine, musayang'ane achemwali. Ayang'aneni iwowa m'maso, muwauze kuti m'madzimo ndinali ndekha."